Amene Adapita Nabwerako

Dzuwa lisanatuluke, pamene ogulitsa tiyi ndi mandasi akungoyamba kuyala malonda awo kunja kwa mpanda, pa khonde la chipatala china chachikulu cha boma pamakhala patadzaza kale amayi, ena atakhala pa benchi, ena atayala chitenje pa simenti yozizira, yense atafumbata kabuku kake ka kuchipatala kamene masamba ake adafewa ndi kupindidwa.

Ambiri a iwo amanga duku lotsikira pa mphumi, ndipo munthu wozolowera malowa amadziwa kuti pansi pa dukulo palibe tsitsi, pakuti mankhwala adalithothola lonse, ndi nsidze zomwe.

Mmawa umene ndidacheza pa khondepo, kumapeto kwa benchi kudakhala mayi wina wachitsikana, kabuku kake kakadali katsopano, amene adotolo adali atamuuza kuti bere lake la kumanzere liyenera kuchotsedwa. Ndipo ngakhale amayi ake omubala, amene adadza naye monga gadiyani, adayesa kumtonthoza ndi mawu onse amene kholo lingapeze, iye adangoweramitsa mutu, misozi ili chuchuchu.

Pamenepo adanyamuka mayi wina wachikulire, amene sadadzere kanthu kena koma kudzatenga mapiritsi ake. Adapempha anzake awiri kuti atambasule chitenje chitchinge maso a odutsa, namasula mabatani a bulauzi, natulutsa m'kamisolo mpukutu wa nsalu zofewa umene amaika pamene padali bere, naonetsa chipsera: mzere umodzi wautali, wochokera pakati pa chifuwa kukalowa m'khwapa, wopola bwino, wosatupa, wosatuluka kanthu.

Adagwira dzanja la mtsikanayo naliika pa chipseracho.

Sadachulutse mawu. Adangomuuza kuti opaleshoni yake idachitika kale ndithu, kuti chaka chino walima nakolola chimanga chake yekha, ndi kuti mwana wake wotsiriza, amene adali kungoyamba sukulu pamene iye ankalowa m'chipinda cha opaleshoni, tsopano ali ku sekondale.

Mtsikanayo adaleka kulira, nayamba kufunsa mafunso.

Chimene mawu a anamwino ndi zithunzi zopachikidwa pa khoma zidalephera, chipsera chidachichita m'kanthawi kochepa. Ndipo m'menemo muli nkhani imene dziko lathu silinaimvetse bwino kufikira lero, yakuti pa matenda a khansa ya m'mawere tili nazo mboni zamoyo zambiri, koma tazileka kuti zibisale.

Funsani m'mudzi uliwonse za khansa imeneyi, ndipo adzakutchulirani mayina a akufa. Adzakusimbirani za mayi uje amene adapita naye kuchipatala bere litaphulika kale, litasanduka chilonda chonunkha, namchita opaleshoni, nabwera naye m'bokosi miyezi isanachuluke. Ndipo pa umboni umenewu mudzi udagamula mlandu, nuti mpeni wa adotolo ndiwo umakwiyitsa nthenda, kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imathamangira thupi lonse.

Pa zimene adaona, anthuwa sanama. Cholakwa chili pa zimene sadaone.

Pakuti mayi amene adapita msanga, nachira, nabwerera ku dimba lake, kawirikawiri sauza munthu. Amaika nsalu m'kamisolo, nasamba yekha kutada, poopa kuti akazi anzake kumjigo adzamuloza chala ndi kuti alamu ake adzayamba manong'onong'o. Chotero imfa imalengezedwa ndi amfumu niimbiridwa nyimbo usiku wonse, koma kuchira kumalowa m'mudzi mozemba, popanda woulutsa, popanda wolulutira.

Tsono mtsikana amene wakhudza kachotupa m'bere lake, poti akudziwa okhawo amene adapita osabwerako, amachedwa. Pochedwapo nthenda imakula, ndipo iyenso akamwalira amasanduka umboni watsopano woopseza amene adzabwera pambuyo pake.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerenga kuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo pafupifupi 670,000 adafa nayo. Kuno kwathu, ikachoka khansa ya khomo la chiberekero, imene imagwira amayi ambiri koposa zonse, ya m'mawere ili pakati pa zimene zikutsatira pafupi. Koma chiwerengero chimene chiyenera kutisowetsa tulo ndi ichi: m'mayiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 alionse amakhala akadali moyo patapita zaka 5 chiwapezereni nthendayi, pamene ku South Africa, dziko limene ife timaliyesa la zipatala zapamwamba, amatsala 40 okha.

Nthenda ndi imodzimodzi. Chosiyana ndi tsiku limene munthu wafika kuchipatala, ndi chimene wakapezako.

Khansa iyi ili ndi chinyengo chimodzi chachikulu, ndicho chakuti poyamba siwawa. Mayi amakhudza kanthu kolimba posamba, koma popeza sikamletsa kulima, kusinja kapena kutunga madzi, ndipo popeza tidaleredwa m'chikhulupiriro chakuti kuchipatala kumapita munthu amene wagona pa mphasa, amati tione mawa. Ndipo mawa limabala mwezi, mwezi nubala chaka. Akale sadaname ponena kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Kachotupako kakayamba kukula, ulendo woyamba nthawi zambiri suloza kuchipatala. Ena amati ndi mkaka umene udaundana, ena amati n'chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'kamisolo, ena amakumbukira mkangano wa malire a munda nanena kuti pali dzanja la munthu; ndipo mbuzi imene ikadalipira minibasi yopita ku boma imathera kwa sing'anga, amene amatema mphini pa bere napaka mankhwala ake kufikira khungu litatseguka.

Ndalama sizibala khansa. Foni siibala khansa. Ndipo khansa sipatsirana podyera mbale imodzi kapena kugona pa mphasa imodzi.

Zimene madotolo adapeza kuti zimaonjezera chiopsezo ndizo kukula kwa zaka, kunenepa kopitirira muyeso, mowa, fodya, ndi kukhala ndi mayi, mchemwali kapena mwana amene adadwalapo. Kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezocho. Komabe pafupifupi theka la amayi amene amadwala alibe chifukwa china chooneka, koma kuti ndi akazi ndipo zaka zapita. Si chilango cha tchimo, si themberero la makolo. Ngakhale amuna, amene ambiri a iwo amaseka akamva zimenezi, nawonso amaidwala, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 alionse.

Ndipo zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo siziri zobisika: chotupa m'bere kapena m'khwapa, chingakhale chosapweteka, nsonga ya bere imene yalowa m'kati pamene kale idali yotuluka, magazi kapena madzi achilendo otuluka ku nsongako, khungu lochita timaenje ngati khoko la lalanje, bere losintha kukula kapena maonekedwe, chilonda chosapola. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa ayi, koma wokhoza kusiyanitsa ndi wachipatala yekha, ndipo iyenso, kuti atsimikize, amadula kanyama kakang'ono kuti akakapime ku labotale.

Apa ndi pamene mayi wakumudzi, ngakhale atalimba mtima, amakomana ndi mtunda wina. Kuchokera ku chipatala chaching'ono amamtumiza ku chipatala cha boma, kuchokera uko amamtumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Ndipo ulendo uliwonse umafuna ndalama ya kabaza ndi ya minibasi, ya iye ndi ya gadiyani, umafuna ufa ndi nkhuni, umafuna munthu wotsala ndi ana, ndipo ukagwa m'nyengo ya kupalira umafunanso munda wosiyidwa m'tchire.

Mankhwala a boma ndi aulere. Njira yokawatenga si yaulere.

Amene adapyola m'zonsezi sabisa kuti kuchira kudawadyera zambiri. Mankhwala a m'diripi, amene odwala amangoti kemo, amaperekedwa kawirikawiri pa masabata atatu alionse kwa miyezi ingapo, ndipo amene adawalandira amasimba za nseru imene imasandutsa fungo la ndiwo zokazinga kukhala mdani, za zilonda za m'kamwa, za zikhadabo zakuda, za kufooka kwakuti ngakhale kuchoka pa khonde kukafika kuseri kwa nyumba kumafuna kupuma panjira, ndi za mmawa umene adadzuka napeza tsitsi litatsala pa pilo. Odwala ena amathawa pakati pa mankhwalawa, poyesa kuti akuphedwa. Ndipo palibe amene angawabweze msanga koposa mayi amene atha kuvula duku nawaonetsa tsitsi limene lidameranso.

Kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe makina owotchera khansa, kotero kuti ofuna chithandizo chimenechi ankadikira pa mndandanda wautali wa opita kunja, ku India, ku Tanzania, ku Kenya kapena ku South Africa, ndipo ambiri adatsikira kumanda dzina lawo lisanaitanidwe. M'chaka cha 2024 padatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala chimene si cha boma, ndipo mu 2025 padatsegulidwa National Cancer Centre pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ichi n'chinthu chachikulu choyenera kuyamika. Komatu makina, angakhale amphamvu chotani, amathandiza munthu yekhayo amene wafika pakhomo pake nthawi ikadalipo.

Ndipo tsiku lotuluka m'chipatala si tsiku lomaliza. Amayi amene khansa yawo imakula ndi mahomoni amamwa piritsi la tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kapena kupitirira, napirira thupi lotentha mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku. Ena, chifukwa cha timitsempha ndi anabere amene adachotsedwa m'khwapa, mkono wa mbali imeneyo umatupa nulemera, kotero kuti musi, khasu ndi ndowa, zimene ndizo ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mayi wakumudzi, zimasanduka chiyeso. Ndipo onse amayenda ndi mantha amodzi, akuti mutu ukangopweteka kapena msana ukangowawa, mtima umafunsa ngati nthenda yabwerera.

Koma bala loposa onse, monga amayi ambiri amanenera, silili pa chifuwa.

Alipo amuna amene adaima nji pambali pa akazi awo, naphika nsima, nachapa, nagona pa simenti ya ogonera agadiyani, nauza abale awo poyera kuti adakwatira munthu, sadakwatire bere. Otere ayenera ulemu wa mudzi wonse. Koma aliponso amene, kumene kuli chikamwini, adangotenga njinga ndi wailesi nabwerera kwawo mkazi akadali m'bandeji, ndi ena amene sadachoke koma adaleka kumyang'ana, nayamba kusaka wina; ndipo mayi wina aliyense amene adaona zimenezi kwa mnzake amawerengera m'mtima mwake, nasankha kusunga chotupa kuti asunge banja.

Chete wa ochira ali ndi zifukwa zake, ndipo zifukwazo ndife.

Si kwathu kokha kumene kudali chete wotere. Ku New York, m'chaka cha 1952, mayi wina dzina lake Terese Lasser adachotsedwa bere, ndipo poona kuti padalibe womuuza za moyo wa pambuyo pake, adayamba yekha kuyendera amayi anzake m'zipatala, atavala bwino, akuyenda mowongoka, kuti aone ndi maso awo kuti munthu amadzuka. Ntchito imeneyo idatchedwa Reach to Recovery, ndipo bungwe la American Cancer Society lidaitenga mu 1969. M'chaka cha 1974 Betty Ford, mkazi wa pulezidenti wa dziko la America, adalola kuti dziko lonse lidziwe za opaleshoni yake pa nthawi imene anthu sankatchula bere pagulu, ndipo amayi ambiri adakhamukira kukapimitsa. Mu 1985 kudayambika mwambo wopatula Okutobala kukhala nthawi yokumbutsana za nthendayi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera kansalu kapinki kamene lero tikuona pa zifuwa za anthu m'mayiko onse.

Kwathu kuno timakumbukira Blandina Khondowe, amene adavala chisoti cha Miss Malawi mu 2002, ndipo atapezeka ndi khansa ya m'mawere akadali mayi wachitsikana, sadadzitsekere m'nyumba monga anthu akadayembekezera kwa munthu wodziwika ndi kukongola, koma adayambitsa Think Pink Malawi, natsogolera maulendo a ndawala mu Lilongwe, nadandaulira poyera kusowa kwa zipangizo zochizira khansa m'dziko muno. Adamwalira mu Novembala 2020. Imfa yake sifafaniza umboni wake, pakuti zaka zimene adakhala moyo atadwala adazigwiritsa ntchito kutsegula pakamwa pa amayi ena, ndipo alipo lero amene adapita kukapimitsa chifukwa adamumva.

Komabe tiyenera kunena zoona za Okutobala wathu. Ndawala zambiri zimayenda m'misewu ya m'tauni, pakati pa anthu amene adamva kale uthengawu, ndipo mwezi ukatha malaya apinki amapindidwa nalowa m'sutikesi. Pamene Amalawi ochuluka koposa amakhala kumidzi, kumene mayi wa ku Nsanje, wa ku Ntchisi kapena wa ku Chitipa sadaonepo makina ojambulira mawere a mammogram, ndipo chida chake choyamba ndi dzanja lake lomwe ndi dzanja la namwino wophunzitsidwa kupima mawere.

Mu 2021 bungwe la WHO lidaika zolinga zitatu zimene dziko lililonse lingadziyese nazo: kuti odwala osachepera 60 mwa 100 azipezeka nthenda ikadali pa chiyambi, kuti wodandaula za bere azidziwa zotsatira zake masiku 60 asanathe, ndi kuti odwala osachepera 80 mwa 100 azitsiriza chithandizo chonse osalekeza panjira. Cholinga chachiwiri ndi mtolo wa boma, pakuti chimafuna malabotale, akatswiri opima ndi mankhwala osatha m'nkhokwe. Koma choyamba ndi chachitatu zimayambira pa bwalo la mudzi, ndipo pamenepo mayi wochira ndiye mlaliki woposa onse.

Mabwalo ake alipo kale, sitisowa kumanga atsopano. Kuli Mvano ndi Chigwirizano ndi Umanyano, kuli a Dorika ndi amayi a Chikatolika ndi amayi a ku mzikiti, kuli sikelo kumene amayi amasonkhana mwezi ndi mwezi ndi makanda awo, kuli banki m'khonde kumene amakhulupirirana pa ndalama, kuli anamkungwi amene kuyambira kale ndiwo aphunzitsi a za thupi la mkazi, kuli alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse, ndipo kuli wailesi za m'madera zimene zimamveka m'chinenero cha pakhomo. Banki m'khonde imene imatha kusonkhetsa ndalama ya maliro ingathenso kusonkhetsa ndalama ya minibasi, munthu akadali moyo.

Abusa ndi ansembe ndi mashehe nawonso ali ndi gawo lawo. Pemphero limalimbitsa wodwala pa benchi la kemo, ndipo ochira ambiri amachitira umboni kuti popanda ilo akadagwa mphwayi. Koma amene auza mayi kuti ataye mapiritsi ake posonyeza chikhulupiriro, wasenza mlandu wa magazi. Luka, mlembi wa Uthenga Wabwino, ntchito yake idali ya kuchiza anthu, ndipo mpingo sudamuone ngati wopikisana ndi Mulungu.

Ngakhale amene adafika mochedwa sayenera kutayidwa. Ku Tiyanjane pa Queen Elizabeth ndi ku Ndi Moyo ku Salima kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuletsa ululu, kutsuka zilonda ndi kubwezera wodwala ulemu wake, kuti masiku amene atsala akhale a munthu pakati pa abale ake, osati a wosalidwa m'kanyumba kuseri.

Sitingakakamize mayi aliyense wochira kuti aime pagulu, pakuti chipsera n'chake ndipo ufulu wochibisa ngwake. Chimene tingachite, ndipo tiyenera kuchita, ndicho kuchotsa zifukwa zimene amabisira: mwamuna akhale, alamu atseke pakamwa, olemba ntchito asunge malo a wodwala kufikira atabwerako, anansi apalire munda wake pamene iye ali pa diripi, ndipo akabwera mudzi umlandire ndi nthungululu monga umalandirira wochokera ku chikuta. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikadzafika pakuti m'mudzi uliwonse, pambali pa mayina a akufa, anthu atha kutchulanso dzina la mayi mmodzi wamoyo amene adadwala khansa ya m'mawere nachira, pamenepo mantha adzayamba kuphwa, amayi adzapita msanga, madotolo adzapeza zotupa zikadali zazing'ono, ndipo ochira adzachuluka nabala ochira ena.

Chotero mayi amene wakhudza chotupa lero apite kuchipatala sabata ino, asadikire kuti chiwawe. Mwamuna wake amperekeze. Ndipo atsogoleri a amayi m'mipingo ndi m'midzi, pa msonkhano wawo ukudzawu, afunse mwaulemu ngati pakati pawo pali amene adapita nabwerako ndipo ali wokonzeka kulankhula, nampatse mpando wa kutsogolo.